Utoto, sopo ndi chikuto cha bakiteriya: wogwira mnzake ndi ndani?

Mukadontheza utoto wa toluidine blue m'madzi oyera a m'labotale, madziwo amakhala a buluu. Thiranimo pang'ono alginate wosungunuka, chinthu chonanda chimene mabakiteriya monga Pseudomonas aeruginosa ndi Azotobacter vinelandii amatulutsa, muona buluu uja akuzilala, m'malo mwake mukubwera mtundu wa pepo wopendekera ku kufiira. Utoto wina simunathiremo, ndipo alginate payekha alibe mtundu. Kenaka donthezanimo mankhwala a m'gulu la sopo otchedwa CTAB. Madzi aja amachita mbuu, tizidutswa toyererako tikuyandama, ndipo buluu uja wabwereranso.

Ambiri akamva zimenezi amayankha mwachidule kuti tchaji cha positive ndi cha negative zimakokana, nkhani yathera pomwepo. Yankho limeneli si labodza, koma ndi lopereŵera. Kukokana kwa matchaji kumangobweretsa zinthuzi pamalo amodzi. Chimene chimasintha mtundu, chimene chimaundanitsa alginate, amene ndi unyolo wa shuga, mpaka kudikha pansi, ndi zimene mamolekyu a utoto kapena a sopo amachita pakati pa iwo okha akapezeka atayandikana. Ndipo kuyandikanako kumadalira mpata umene uli pakati pa tchaji ndi chinzake pa unyolowo.

Kumene tchaji chimachokera

Polysaccharide ndi unyolo wautali wa mamolekyu a shuga olumikizana, nthawi zambiri mazana kapena masauzande. Mabakiteriya ena amavala unyolo wotere ngati chikuto chomata pa selo, ena amangoutaya m'madzi owazungulira, ndipo ena amaugwiritsa ntchito pomanga biofilm, chikhakha choterera chimene amakhalamo ambirimbiri pa mano, m'mapaipi kapena pa chubu cha m'chipatala. Mu 1923, Michael Heidelberger ndi Oswald Avery a ku Rockefeller Institute ku New York anaonetsa kuti chinthu chosiyanitsa mitundu ya bakiteriya wa chibayo, Streptococcus pneumoniae, ndi polysaccharide ya chikuto chake, osati puloteni monga ankaganizira ambiri. Lero mitundu yodziwika ya chikuto cha bakiteriya mmodzi yekhayu imapitirira 90.

Shuga wamba monga glucose alibe tchaji. Dextran wa Leuconostoc mesenteroides, curdlan, ndi cellulose wa mabakiteriya ndi maunyolo a glucose yekhayekha, choncho alibe tchaji. Koma mabakiteriya ambiri amalowetsa mu unyolo shuga wa asidi, monga glucuronic acid, mannuronic acid kapena sialic acid, amene ali ndi kagulu ka carboxyl. M'madzi amene sali a asidi kwambiri, kagulu kameneka kamataya hydrogen wake n'kutsala ndi tchaji cha negative. Ena amamata pyruvate kapena succinate pambali, ena amaika phosphate pakati pa shuga ndi shuga, monga m'chikuto cha Haemophilus influenzae wa mtundu b. Sulfate, amene ndi wofala m'zomera za m'nyanja ndi m'matupi a nyama, sapezekapezeka mwa mabakiteriya, kupatula ena a m'nyanja ndi ma cyanobacteria.

Chofunika kwambiri si kungodziwa kuti tchaji chilipo, koma kuti chafalikira motani. Mu alginate, shuga aliyense ali ndi carboxyl, ndiye kuti matchaji atalikirana pafupifupi theka la nanometer (nm, gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita). Mu hyaluronan, amene Streptococcus pyogenes amavala ngati chikuto, tchaji ndi chimodzi pa shuga awiri alionse, mpata wake pafupifupi 1 nm. Gellan wa Sphingomonas elodea ali ndi chimodzi pa shuga anayi. Xanthan, amene gulu la Allene Jeanes linapeza m'zaka za m'ma 1950 ku labotale ya boma la America ku Peoria, ndi wa mtundu wakewake: msana wa unyolo ulibe tchaji, koma pa glucose wachiwiri aliyense pamatuluka nthambi ya shuga atatu, yokhala ndi glucuronic acid pakati ndiponso, pa nthambi zina, pyruvate kunsonga. Xanthan wa m'thumba lina akhoza kukhala ndi pyruvate wambiri kuposa wa m'thumba lina malinga ndi mmene Xanthomonas campestris anamuŵetera, choncho dzina limodzi silitanthauza tchaji chofanana.

Unyolo wokhala ndi matchaji ambiri sukhala wamaliseche m'madzi. Umazunguliridwa ndi ma ion, maatomu onyamula tchaji, ang'onoang'ono a positive, kawirikawiri sodium kapena potassium. Mu 1969 Gerald Manning anafotokoza kuti pali malire: m'madzi a 25 °C, matchaji akayandikana kuposa pafupifupi 0.71 nm, ena mwa ma ion aja amakakamira pafupi ndi unyolo osatha kuchoka. Alginate ali mkati mwa malire amenewa, hyaluronan ali kunja. Utoto kapena sopo wa positive akafika, amalowa m'malo mwa sodium, sodium uja n'kumasuka kupita kukayendayenda m'madzi. Kumasuka kwa ma ion ambirimbiri kumeneku ndi mbali yaikulu ya mphamvu imene imakankha kugwirana konseku. N'chifukwa chake mchere umasokoneza zonse: madzi akadzaza kale ndi sodium, palibe phindu lomasula wina.

Chifukwa chake buluu amasanduka pepo

Kusintha mtundu kumeneku kumatchedwa metachromasia, ndipo Paul Ehrlich anakuona m'zaka za m'ma 1870 pamene ankapaka utoto maselo a nyama. Kufotokoza kwake kunadza pambuyo pake. Leonor Michaelis ndi Sam Granick anafufuza za kuunjikana kwa utoto mu 1945, ndipo Bradley ndi Wolf mu 1959 anaonetsa bwino mmene utoto umasanjikizirana pa unyolo wa matchaji a negative.

Molekyu ya toluidine blue, ya methylene blue kapena ya acridine orange ndi yaphwatalala: timikombero titatu ta maatomu tolumikizana, tonyamula tchaji chimodzi cha positive. Mbali yaphwatalalayo sigwirizana kwenikweni ndi madzi, ndiye mamolekyu amafuna kugonerana kuti aibise, monga mmene mbale zimakhalira zikasanjikizidwa ina pamwamba pa inzake. Chowaletsa ndi tchaji chawo, poti onse ndi a positive ndipo amakankhana. M'madzi osachuluka utoto, molekyu iliyonse imangoyenda payokha. Koma ikafika pa unyolo, carboxyl imazimitsa tchaji chake. Ngati carboxyl yotsatira ili pafupi, molekyu yachiwiri imakhala pambali pa yoyamba, palibenso chozikankhanitsa, ndipo zimagonerana pa mpata wa pafupifupi 0.35 nm. Yachitatu imapeza malo abwino kuposa yoyamba ija, chifukwa ikugwiridwa ndi tchaji cha unyolo komanso ndi mnzake. Motero utoto sufalikira mofanana pa unyolo wonse. Umaunjikana m'magulumagulu, kwina n'kusiya popanda kanthu.

Mamolekyu akasanjikizana chonchi, ma electron awo sayankhanso kuwala aliyense payekha. Amayankha pamodzi, ndipo mulu wonse umayamwa kuwala kwa mafunde afupiafupi kuposa molekyu imodzi. Toluidine blue ali yekha amayamwa kwambiri pafupi ndi 630 nm, kuwala kofiirira, ndiye maso amaona buluu wotsalayo. Akasanjikizana, kuyamwako kumatsikira cha ku 550 nm kapena kutsika apo, kumene kuli kuwala kobiriwira, ndipo chotsala ndi pepo kapena kufiira. Methylene blue, amene Heinrich Caro anapanga mu 1876, amayamwa pa 664 nm ali yekha, cha pa 610 nm akakhala awiriawiri, ndipo amatsikabe mulu ukakula. Pinacyanol chloride, amene ofufuza zikuto za Klebsiella amakonda, amachoka pa 600 nm, kudutsa pa 550 nm, kufika pafupi ndi 500 nm. Acridine orange amaonetsa kusinthaku m'kuwala kumene amatulutsa: kobiriwira ali yekha, kofiira akaunjikana.

Pali umboni wosavuta woti chosintha mtundu ndi kusanjikizana, osati kungogwira unyolo. Pitirizani kuthira polysaccharide m'chubu muja. Poyamba pepo amakula mpaka pamene chiwerengero cha matchaji a unyolo chafanana ndi cha mamolekyu a utoto. Mukapitirira apo kwambiri, malo okhala achuluka, mamolekyu amayamba kumwazikana, ndipo buluu amabwerera pang'onopang'ono ngakhale utoto wonse ukadali womata pa unyolo. Pamene pepo wafika pachimake ndi pothandiza kwa wofufuza: podziwa utoto umene anathira, atha kuwerengera kuti unyolo uli ndi tchaji chimodzi pa kulemera kwakuti, n'kuyerekeza ndi kapangidwe kamene akuganizira.

Apa ndi pamene mpata umalamulira. Akatswiri opaka utoto minofu akhala akunena kuti metachromasia yamphamvu imafuna matchaji otalikirana pafupifupi 0.5 nm kapena kucheperapo. Alginate amakwanitsa mosavuta. Hyaluronan amapereka kusintha kofooka, kumene kamchere pang'ono kamafafaniza. Komabe kuwerenga shuga pa pepala sikokwanira, popeza unyolo umapindika. Unyolo wofewa utha kudzikhotetsa kuti ubweretse ma carboxyl pafupi utoto ukafika, pamene wouma sungathe. Gellan akazizira, maunyolo awiri amapotana kukhala chingwe chimodzi, ndiye matchaji pa utali womwewo amawirikiza. Timagulu ta acetyl, timene tilibe tchaji, titha kutsekereza malo. Alginate wa mabakiteriya ali nato, pamene wa zomera za m'nyanja alibe. Ndipo poti unyolo wa shuga umapotokera mbali imodzi, mulu wa utoto nawo umatha kupotoka potsatira unyolowo, mpaka kuyamba kuyamwa mosiyana kuwala kozungulira kumanja ndi kozungulira kumanzere, chinthu chimene utoto wokhawokha suchita. Makina a circular dichroism amaona zimenezi, ndipo ndi njira ina yodziwira ngati unyolo uli wopotana mwadongosolo kapena wangoti balala.

Zofafaniza pepo uja zimatiuzanso chimene chagwira. Ethanol amafafaniza chifukwa mbali yaphwatalala ya utoto imakhala bwino mu mowa, siifunanso kubisala. Urea ndi kutentha zimachitanso chimodzimodzi. Mchere umamenya mbali ina, ya tchaji. Asidi amabwezera hydrogen pa carboxyl: shuga wa asidi wa mu alginate amataya theka la tchaji chake pH, muyeso umene umatsika asidi akachuluka, ikafika cha pa 3.5, ndipo pH ikatsika kufika pa 1 palibe chotsala. Kuchuluka kwa mowa kapena mchere kumene kukufunika kuti buluu abwerere ndi muyeso wa kulimba kwa mgwirizanowo.

John E. Scott ndi J. Dorling anasandutsa mfundo ya mchere kukhala chida mu 1965, pogwiritsa ntchito Alcian blue. Utoto umenewu ndi waukulu, uli ndi kopa pakati ndi matchaji a positive angapo, ndipo susintha mtundu, umangomata n'kusachoka. Iwo ankathira magnesium chloride mochulukirachulukira n'kuona pamene utoto waleka kugwira. Maunyolo a carboxyl amataya utoto msanga, a sulfate amaugwirabe mpaka mcherewo utawirikiza kangapo. Ndi nzeru yomweyo imene imachititsa kuti Alcian blue apakidwe pa pH 2.5 pofuna ma polysaccharide onse a asidi, ndi pa pH 1.0 pofuna a sulfate okha.

Sopo akalowerera

Surfactant ndi molekyu ya mutu ndi mchira: mutu umakonda madzi, mchira wa maatomu a kaboni umawathawa. Mutu ukhoza kukhala wa negative monga mwa SDS, wa positive monga mwa CTAB, cetylpyridinium chloride ndi benzalkonium chloride, kapena wopanda tchaji monga mwa Triton X-100. Akachuluka m'madzi kufika pa mlingo wina, mamolekyu amaunjikana m'timibulu totchedwa micelle, michira mkati, mitu kunja. Mlingo umenewu, CMC, ndi pafupifupi 8 mM (muyeso wa kuchuluka kwa mamolekyu m'madzi) kwa SDS, 15 mM kwa DTAB wa mchira wa makaboni 12, ndi 0.9 mM kwa CTAB wa makaboni 16. DTAB ndi CTAB ali ndi mutu umodzimodzi. Makaboni anayi okha owonjezera ndiwo atsitsa mlingo kuposa kakhumi.

Unyolo wa negative ukakhala m'madzimo, surfactant wa positive sadikira kufika pa CMC. Vuto lalikulu popanga micelle ndi loti mitu imakankhana, ndipo unyolo umathetsa vutoli podzikulunga pa kambulu n'kuzimitsa matchaji a mitu. Zotsatira zake, timibulu timayamba kupangika pa unyolo pa mlingo wotsika kakhumi, kazana, mwina kuposa apo. Hayakawa ndi Kwak anayeza zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndi zipangizo zozindikira surfactant amene sanagwire. Chimene anaona n'chofanana ndi cha utoto chija: poyamba pafupifupi palibe chogwira, kenaka mwadzidzidzi unyolo wadzaza. Molekyu yoyamba imavutika, zotsatira zimakokedwa ndi michira ya zinzake. Surfactant wa mchira waufupi pa unyolo wa matchaji otalikirana, monga hyaluronan, amagwira mofooka kwambiri, mwinanso osagwira n'komwe mchere ukakhalapo.

Matchaji a unyolo akatsala pang'ono kuzimitsidwa onse, palibenso chousunga m'madzi. Umafota, kunanda kwa madzi kumatha, maunyolo amagwirana kudzera m'timibulu, ndipo zonse zimaundana n'kudikha. Nthawi zina mukapitiriza kuthira surfactant zoundanazo zimasungunukanso, chifukwa tsopano zavala tchaji cha positive chopyola muyeso. Mchere wambiri nawo umazisungunula, ndipo mlingo wa mchere wofunika umasiyana unyolo ndi unyolo. Scott yemweyo, m'zaka za m'ma 1950, anagwiritsa ntchito cetylpyridinium chloride polekanitsa ma polysaccharide mwa njira imeneyi: kugwetsa onse pamodzi, kenaka kuwasungunula mmodzimmodzi powonjezera mchere.

Nzeru imeneyi inapulumutsa miyoyo. Mu 1969 Emil Gotschlich ndi anzake ku Walter Reed Army Institute of Research anafalitsa njira yopezera polysaccharide ya chikuto cha Neisseria meningitidis wa magulu A ndi C, bakiteriya woyambitsa matenda oumitsa khosi. Omwe anayesa m'mbuyomo ankapeza maunyolo oduka, aafupi, amene sankadzutsa chitetezo cha thupi mokwanira. Gotschlich anathira Cetavlon, amene ndi wa mtundu wa CTAB, mwachindunji m'madzi oŵetera mabakiteriya. Polysaccharide inagwa msanga isanaduke. Anaisungunula mu calcium chloride wamphamvu, amene amalekanitsa unyolo ndi sopo, n'kugwiritsa ntchito ethanol pochotsa DNA ndi RNA poyamba, kenaka pogwetsa polysaccharide yoyera. Katemera wa matendawa anachokera pamenepo, ndipo kugwetsa ndi CTAB kukugwirabe ntchito popanga akatemera angapo a zikuto za mabakiteriya.

Chodabwitsa n'chakuti ofuna DNA amagwiritsa ntchito CTAB yemweyo pa cholinga chotembenuka. DNA nayo ndi unyolo wa negative, ndipo CTAB amaigwetsa mchere ukachepa. Koma sodium chloride akafika cha pa 0.7 M, DNA imakhalabe yosungunuka, pamene ma polysaccharide ambiri ndi zinyalala za khoma la selo zimapita ndi CTAB pochapa ndi chloroform. Woiwala mchere pa sitepe imeneyi amataya DNA yake pamodzi ndi zinyalalazo.

Zitatu m'chubu chimodzi

Utoto, unyolo ndi sopo zikakumana, zotsatira zimadalira mutu wa sopoyo. Wa positive amalimbirana malo ndi utoto, ndipo kawirikawiri amapambana, chifukwa mchira wa makaboni 16 umagwirana ndi anzake molimba kuposa timikombero titatu ta utoto. Utoto umathamangitsidwa, umabwerera m'madzi uli wokhawokha, mtundu wake wakale n'kubwerera. Kuchuluka kwa surfactant wofunika kuti zitero ndi njira yoyerekezera ma surfactant osiyanasiyana, kapena ma polysaccharide osiyanasiyana, popanda makina odula.

SDS amachita zina. Iye ndi unyolo onse ndi a negative, sagwirana kwenikweni. Amene SDS amafuna ndi utoto. Akachuluka kupitirira CMC, ma micelle ake amameza mamolekyu a utoto, ndipo poti ma micelle ndi ambiri kuposa utoto, molekyu iliyonse imapeza kambulu kakekake. Mtundu wa molekyu imodzi umabwerera, ngakhale nsonga ya kuyamwa imasuntha pang'ono poti utotowo suli m'madzi enieni. Maso amaona buluu m'machubu onse awiri, la CTAB ndi la SDS, koma m'loyamba sopo walanda unyolo, m'lachiwiri walanda utoto.

Msampha uli pansi pa CMC. Pamenepo SDS payekha, popanda polysaccharide iliyonse, amazimitsa tchaji cha utoto n'kuuchititsa kuunjikana. Corrin, Klevens ndi Harkins anagwiritsa ntchito zimenezi mu 1946 poyeza CMC ya sopo ndi pinacyanol chloride, amene amafiira pansi pa CMC n'kusanduka buluu pamwamba pake. Mu 1955 Mukerjee ndi Mysels anaonetsa kuti utotowo si mboni yongoonerera: umalowa m'timibulu n'kusintha mlingo womwe ukuyezedwawo. Ine ndimaona kuti chenjezo limeneli likukhudza ntchito yonse ya utoto ndi ma polysaccharide. Utoto ukamata, umazimitsa tchaji, umakoka unyolo kuti upindike, nthawi zina umaugwetsa kumene. Wofufuza amene waona pepo m'madzi okhala ndi SDS wochepa, osayesa chubu china chopanda polysaccharide, sanganene kuti pepoyo wabwera ndi unyolo.

Kunja kwa chubu

Mankhwala ambiri ophera tizilombo ndi a positive: benzalkonium chloride, cetylpyridinium chloride wa m'mankhwala otsukira m'kamwa, chlorhexidine. Amagwira ntchito pofika pa khungu la selo, limene ndi la negative, n'kulibowola. Bakiteriya wa mu biofilm wazunguliridwa ndi maunyolo a negative amene amagwira mankhwalawo asanafike. Alginate wa Pseudomonas aeruginosa m'mapapo a odwala matenda obadwa nawo a cystic fibrosis amagwira tobramycin, mankhwala opha mabakiteriya amenenso ndi a positive, ndipo zikuto zotayidwa ndi Klebsiella pneumoniae zapezeka kuti zimagwira mankhwala ena otero, polymyxin B. Koma tisakokomeze. Malo ogwira ali ndi malire, akadzaza mankhwala amadutsa. Kuuma mutu kwa biofilm kumachokeranso ku maselo ogona, osakula, a m'kati mwenimweni, amene mankhwala ambiri sawapha ngakhale atawafika. Unyolo umachedwetsa ndi kuchepetsa. Pawokha si linga. Komabe n'chifukwa chokwanira choti malo azitsukidwa kaye asanathiridwe mankhwala, ndiponso choti sopo wa negative asasakanizidwe ndi mankhwala a positive, poti amazimitsana. Madokotala a mano amalangiza kusiya mpata pakati pa mankhwala otsukira mano okhala ndi sodium lauryl sulfate (SDS uja) ndi chlorhexidine pa chifukwa chomwechi.

Opanga zinthu m'mafakitale amakumana nazo tsiku ndi tsiku. Xanthan, amene analoledwa m'zakudya ku America mu 1969 ndipo pa mapaketi amalembedwa E415, amakhala bwinobwino ndi ma surfactant a negative ndi opanda tchaji, n'chifukwa chake amapezeka mu shampu ndi m'matope obowolera zitsime za mafuta. Muikeni pamodzi ndi surfactant wa positive, monga wa m'mafuta ofewetsera tsitsi, mupeza zoundana pansi pa thanki. Oyeretsa madzi otuluka m'mafakitale a nsalu amafuna kuundana komweko: ma polysaccharide a mabakiteriya amagwira utoto wa positive mosavuta. Tsoka lake, utoto wambiri wonyikira thonje ndi wa negative, ndipo madzi otayidwawo amakhala odzaza mchere ndi sopo, zinthu ziwiri zomwe taona kuti zimafafaniza kugwirana. Zotsatira zokongola za methylene blue m'madzi oyera a m'labotale ndimaziwerenga mosamala pa chifukwa chimenechi.

Pa maikulosikopu, chikuto n'chovuta kupaka chifukwa pafupifupi chonse ndi madzi, ndipo chimafota chikauma. Ndiye nthawi zambiri amapaka zozungulira. Inki ya India ili ndi timibulu ta kaboni tosatha kulowa m'chikuto, pamene nigrosin ndi utoto wa negative umene selo limakankha. Chikuto chimaoneka ngati mkombero woyera pakati pa mdima. Crystal violet, amene amathiridwa m'timbale ta pulasitiki poyeza kukula kwa biofilm, ndi wa positive ndipo sasankha: amagwira maselo amoyo, akufa, DNA, mapuloteni ndi ma polysaccharide. Nambala imene amapereka ndi ya zonse pamodzi, osati ya polysaccharide.

Si maunyolo onse a mabakiteriya ali a negative. Staphylococcus epidermidis amamanga biofilm yake ndi unyolo wa N-acetylglucosamine umene shuga wina wachotsedwa acetyl, n'kutsala ndi tchaji cha positive. Pel wa Pseudomonas aeruginosa nayenso ndi wa positive, ndipo amagwirana ndi DNA yotayika mu biofilm. Bacteroides fragilis ali ndi polysaccharide yonyamula matchaji onse awiri pa chigawo chilichonse. Pa maunyolo a positive Alcian blue atha kupereka chithunzi chonama choti palibe kanthu, ndipo SDS, osati CTAB, ndiye angagwire.

Palinso utoto umene sulabadira tchaji kwenikweni. Congo red ndi Calcofluor ndi a negative, koma mamolekyu awo ndi aatali, oongoka, ndipo amagona motsatira unyolo wa glucose wolumikizana mwa mtundu wa beta, wophwatalala ngati mmene cellulose alili. Chowagwira ndi ma hydrogen bond ndi kukhudzana kwa mbali zothawa madzi. Congo red amagwiranso ulusi wa puloteni wotchedwa curli, choncho kufiira kwa mabakiteriya pa agar (chakudya chonanda choŵeterapo mabakiteriya) ya Congo red sikunena kuti chagwira ndi shuga kapena puloteni. Calcofluor amawala buluu pa kuwala kwa ultraviolet akamata pa succinoglycan, polysaccharide ya Sinorhizobium meliloti, ngakhale unyolowo uli ndi succinate ndi pyruvate, zonse za negative monga utotowo. Mu 1985 John Leigh, Ethan Signer ndi Graham Walker a ku MIT anaŵeta bakiteriyayu pa agar yothira Calcofluor n'kusankha magulu amene sankawala. Mabakiteriya amenewo anali osatha kupanga succinoglycan, ndipo atawaika pa mizu ya alfalfa, chomera cha m'gulu la nyemba, anapangitsa timaphundu topanda mabakiteriya m'kati, tosatha kukoka nitrogen wa mu mpweya.